POLISHI KAPENA PHULA: ZOYENERA KUDZIWA MWINI GALIMOTO ASANAGULE CITINI

M'mawa mwa tsiku la Ciweru, dzuwa lisanakwere kweni-kweni, m'mbali mwa miseu ya ku Kabwata ndi ku Chelstone mu mzinda wa Lusaka mumakhala mutadzaza kale magalimoto oyembekeza kutsukidwa. Anyamata obvala majombo amathamanga uku ndi uku ndi ndowa za thobvu, ena akukweca matayala, ena akupukuta magalasi. Pakati pao pali ana a ku Petauke, Katete, Chadiza ndi Lundazi, amene anasiya khasu nabwera ku tauni kudzafuna nchito. Galimoto ikauma, pamabwera funso lija la masiku onse lakuti kodi abwana afuna polishi kapena ai. Ambiri amabvomera msanga naonjeza ndalama, osafunsa n'komwe kuti m'citinimo muli ciani.

Funso limeneli silikhudza anthu a m'tauni okha. Caka cimene fodya, thonje, soya kapena nshawa zagulidwa pa mtengo wabwino, alimi ena a ku Cigawo ca Kum'mawa amakwera basi kunka ku Lusaka, nabwerako ndi vaneti ya Toyota Hilux, lole yaing'ono ya Canter, kapena kagalimoto ka Corolla konyamulira anthu pakati pa mudzi ndi boma. Kwa banja lotere galimoto ndi cuma cofanana ndi khola la ng'ombe. Ndiyo imanyamula mbeu kupita nazo ku msika, ndiyo imathamangitsa mai wapakati ku cipatala usiku, ndipo tsiku la mabvuto ndiyo imagulitsidwa kuti ana asacoke pa sukulu. Tsono wogula ali yense, asanamve kulira kwa injini, amayamba wayang'ana penti. Galimoto yosuluka ndi ya mawanga a dzimbiri imatsika mtengo, ngakhale injini yace ikhale yamphamvu cotani.

M'zaka za m'ma 1970, pamene kampani ya Livingstone Motor Assemblers inali kulumikiza magalimoto a Fiat ku Livingstone, penti ya galimoto inali ya cikopa cimodzi, ndiko kunena kuti utoto ndi kunyezimira zinali pamodzi. Penti yotere ikafwifwa ndi dzuwa, munthu anali kuikweca ndi polishi, nsanza n'kufiira kapena kubiriwira monga mwa mtundu wa galimotoyo, ndipo pansi pace panali kuturuka utoto wowala ngati watsopano. Madalaivala akale a Peugeot 504 ndi Land Rover anazolowera motero, ndipo ena a iwo akali kuphunzitsa ana ao njira yomweyo. Koma kuyambira m'zaka za m'ma 1980 mafakitale ambiri a pa dziko lapansi anasintha kapentedwe. Ndipo malamulo a malonda atamasulidwa m'Zambia pambuyo pa caka ca 1991, m'dziko munayamba kulowa magalimoto ogwirako kale nchito ocokera ku Japan, odzera pa doko la Dar es Salaam ndi cipata ca Nakonde, kapena pa doko la Durban ndi cipata ca Chirundu. Ambiri a magalimoto amene ali pa miseu lero ndi a mtundu umenewu.

Pa citsulo ca galimoto yotere pali zikopa zingapo zosanjikizana. Pansi peni-peni pali mankhwala oletsa dzimbiri, pamwamba pace penti yoyamba yogwiriza, kenaka utoto umene maso amaona, ndipo pamwamba pa zonse pali cikopa coonekera ngati galasi, cimene amisiri amacichula kuti clear coat. Zikopa zonsezi pamodzi kawiri-kawiri sizifika ngakhale gawo limodzi mwa magawo asanu a milimita. Cikopa capamwambaco pacokha ndi copyapyala monga tsitsi limodzi la munthu, mwinanso kuposa, ndipo ndi m'menemo mmene muli mankhwala ochinjiriza utoto ku ukali wa dzuwa. Cikangotha, palibe citini ca m'sitolo cimene cingacibwezere.

Polishi si phula

M'kalankhulidwe ka masiku onse, ciri conse copaka pa galimoto cimachedwa polishi, koma zoona zace n'zakuti pali zinthu ziwiri zosiyana nchito. Polishi weni-weni ali ndi timiyala tosalala kwambiri, tosaoneka ndi maso, ndipo nchito yace ndi kupala. Amacita monga mmene mai amakwecera poto ndi phulusa kapena mcenga: potoyo amawala cifukwa kanthu kena kacokapo. Phula silipala kanthu. Limangoyala kacikopa kena pamwamba, monga mafuta amene mai amadzoza mwana m'nyengo ya cisanu ya Juni kuti khungu lisang'ambike. Motero munthu wopaka polishi wamphamvu mwezi ndi mwezi, poganiza kuti akusunga penti, ndiye amene akuimaliza, pakuti ulendo uli wonse akusenga kacikopa ka pamwamba kaja.

Mau a pa zitini amalembedwa m'Cingerezi, ndipo n'kwabwino kuwadziwa. Citini colembedwa kuti compound ndico caukali kopambana; nchito yace ndi kucotsa zipsera zakuya ndi kusalaza penti yatsopano, ndipo malo ace ndi m'manja mwa mmisiri wopenta magalimoto. Colembedwa kuti polish cimapala pang'ono cabe. Colembedwa kuti wax kapena sealant ndico cophimba. Palinso cina colembedwa kuti cleaner wax, cimene cimapala pang'ono kwambiri nicisiyanso phula pa nthawi imodzi-modziyo. Akulu akale anati safunsa anadya phula. Pa nkhani ya galimoto wosafunsa amagwa m'tsoka lina, pakuti amagula compound nayesa phula, ndipo pakutha pa caka denga la galimoto yace lachita mbuu.

Si magalimoto onse a masiku ano amene ali ndi cikopa ca galasi cija. Mavaneti ena oyera ndi malole a nchito, ndiponso magalimoto amene anapentedwanso mochipa m'magalaji a m'makomboni, ali ndi penti ya cikopa cimodzi monga ya kale. Njira yodziwira ndi yapafupi. Munthu adontheze polishi pang'ono pa nsalu yoyera, kapena yakuda ngati galimotoyo ndi yoyera, napukute pa malo obisika monga m'kati mwa citseko. Nsalu ikatenga mtundu wa galimoto, pentiyo ndi ya cikopa cimodzi, ndipo ikafwifwa ingathe kudzutsidwa ndi polishi. Nsalu ikaturuka yopanda utoto, pamwamba pali galasi lija, ndipo dzanja liyenera kupepuka.

Adani a penti mu Lusaka

Mdani woyamba ndi dzuwa. Mzinda wa Lusaka uli pa mtunda wokwera mamita pafupi-fupi 1,280 pamwamba pa nyanja yamcere, ndipo pa malo okwera motere ceza ca dzuwa cimene cimaocha khungu ndi kusulutsa nsalu cimakhala caukali kuposa ku madoko kumene magalimotowa anatsikira. Kumayambiriro kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Febuluwale dzuwa la masana limadutsa paliombo peni-peni. Ndico cifukwa cace denga, boneti ndi buti ndizo zimayamba kuonongeka, zitseko zikali zowala. Coyamba pamaoneka mawanga otuwa ngati zikanga, kenaka cikopa ca pamwamba cimayamba kufunduka monga njoka. Galimoto ikafika pamenepo, wogulitsa ali yense wonena kuti mankhwala ace adzaiciritsa akungofuna ndalama. Cotsala ndi kupentanso basi.

Kunena zoona, phula lokha silingagonjetse dzuwa. Ndi lopyapyala kwambiri, ndipo nchito yace yaikuru ndi kulandira litsiro ndi madontho m'malo mwa penti. Cisakasa ca udzu kapena ca malata coimikamo galimoto masana cimasunga penti kuposa citini codula ciri conse, ndipo pa mfundo iyi munthu wa kumudzi, amene mitengo ndi udzu ali nazo pafupi, aposa wa m'nyumba zosanja za ku Kabwata amene galimoto yace imagona pa mtetete.

Mthunzi wa mtengo ndi nkhani ina. Ku Woodlands ndi ku Kabulonga, kumene miseu ndi mabwalo a nyumba ali ndi mitengo ikulu-ikulu, magalimoto amapulumuka dzuwa koma amakomana ndi zina. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala mitengo ya jacaranda imayoyola maluwa ace, ndipo akanyowa namatirira pa boneti yotentha amasiya zipsera. Tizirombo tokhala m'masamba timadontheza madzi onanda ngati uci. Coipa kopambana ndi zitosi za mbalame ndi za mileme, pakuti ziri ndi asidi amene pa citsulo cotentha angathe kudya penti m'masiku ocepa. Kumudzi mtengo wa mango kapena wa mkuyu umacita zomwezo. Citosi sicifunika kupalidwa ndi cikhadabo. Munthu aikepo nsalu yonyowa kwa kanthawi mpaka cifewe, ndipo acicotse tsiku lomwelo.

Fumbi nalo liri ndi nyengo yace, maka-maka mwezi wa Ogasiti pamene mphepo imaulutsa dothi kucokera m'miseu yopanda tala. Fumbi ndi timcenga, ndipo munthu wolipukuta ndi nsanza youma, monga amacitira madalaivala ambiri a matakisi poyembekeza okwera, akukanda penti yace yekha. Timizere tozungulira ngati ukonde wa kangaude, timene timaoneka pa galimoto yakuda ikaima pa dzuwa, timacokera pamenepo.

Mdani amene anthu ambiri samuganizira ndi madzi. Pansi pa Lusaka pali mwala wa laimu, wa mtundu womwe uja umene fakitale ya simenti ya ku Chilanga yakhala ikukumba kuyambira pamene inakhazikitsidwa mu 1949. Madzi ena a mu mzindawu amapopedwa kucokera ku mtsinje wa Kafue, koma ambiri amacokera m'zitsime zakuya zoboola mwala umenewu, ndipo malo ambiri otsukira magalimoto amadalira zitsime zotere. Mai ali yense wa mu Lusaka amadziwa zoyera-yera zimene zimakangamira pansi pa ketulo. Zomwezo ndizo zimatsala pa galimoto madzi akaumira pa dzuwa: timadontho toyera timene, tikakhalitsa, timalowerera m'penti ndi m'magalasi. Motero galimoto iyenera kutsukidwa pa mthunzi ndi kupukutidwa madzi asanaume okha.

Mitundu ya phula

Phula lochuka kopambana la magalimoto limachedwa carnauba, ndipo limacokera ku mtengo wa mtundu wa mgwalangwa umene umamera ku mpoto ca kum'mawa kwa dziko la Brazil, maka-maka m'zigawo za Piauí ndi Ceará. Dziko la kumeneko ndi louma ndi lotentha, ndipo mtengowo umadzikuta masamba ndi phula kuti madzi asathe. M'cirimwe alimi amadula masambawo, nawayanika, nawapuntha mpaka fumbi la phula liyoyoke, kenaka amalisungunula. Motero cimene cimawalitsa Mercedes-Benz ya ku Kabulonga ndi thukuta la mlimi wonga wa ku Nyimba. Phula limeneli ndi limodzi mwa olimba kopambana a cilengedwe, ndipo limasungunuka pa madigiri 82 mpaka 86. Pa lokha ndi louma ngati mwala, cotero mafakitale amalisakaniza ndi mafuta ndi zina kuti lipakike. Kampani ya Simoniz ya ku Chicago inayamba kugulitsa phula la magalimoto mu 1910, ndipo ya Meguiar's ya ku California inayamba mu 1901 ndi polishi wa mipando ndi matebulo isanatembenukire ku magalimoto.

Wina angafunse kuti, popeza Zambia iri ndi njuci zambiri, maka-maka ku Kabompo ndi ku Mwinilunga, bwanji osangopaka phula la njuci? Yankho liri pa kutentha. Phula la njuci limasungunuka pa madigiri 62 mpaka 64, ndipo denga la galimoto yakuda yoima pa Cairo Road masana a Okutobala lingathe kutentha kuposa pamenepo. Phulalo limafewa, nilinanda, niligwira fumbi lonse. Cimodzi-modzinso ndi polishi wa pansi monga Cobra, amene ndi wabwino kwambiri pa khonde la simenti limene anapangidwira. Pa galimoto amasiya mafuta, ndipo wofiira uja amathimbiriza mphira ndi mapulasitiki.

Ubwino wa carnauba ndi kuwala kwace kozama, kumene kumakometsa kwambiri galimoto yakuda, yofiira kapena yobiriwira. Kuipa kwace ndi kusakhalitsa. Pa galimoto yogona panja ndi kutsukidwa sabata ndi sabata, limatha pa mwezi umodzi kapena iwiri. Mtundu waciwiri, uja wolembedwa kuti sealant, sucokera ku mtengo koma umapangidwa m'fakitale. Umagwira penti molimba, supepera kutentha msanga, ndipo umakhala miyezi inai mpaka isanu ndi umodzi. Kwa mlimi amene vaneti yace imayenda makilomita oposa 550 a mseu wa Great East pakati pa Chipata ndi Lusaka, nilowanso m'miseu ya fumbi ya ku minda, mtundu waciwiriwu ndiwo wanzeru. Kupaka kawiri pa caka, kamodzi mu Okutobala mvula isanayambe ndi kamodzi mu Epulo kapena Meyi itatha, kungakwanire. Carnauba ndi la munthu amene ali ndi galaji ndi nthawi.

M'zaka zaposacedwapa kwabwera mtundu wacitatu wochedwa ceramic coating, wopangidwa ndi mankhwala a mtundu wa mcenga wa galasi. Ukapakidwa bwino umauma gwa ndipo ungakhale zaka ziwiri kapena kuposa. Koma ndi wodula, umafuna kuti penti iyambe yasalazidwa ndi makina, ndipo uyenera kupakidwa m'nyumba yopanda fumbi. Suletsa mwala wothowa ku tayala la lole kuboola penti, ndipo suciritsa cikopa cimene cayamba kale kufunduka. Tibotolo tochipa topopera tolembedwa dzina lomwelo tiribe mphamvu yofanana. Timakhala miyezi yowerengeka cabe monga sealant.

Zinthu zonsezi zimapezeka m'masitolo a zipangizo za magalimoto a m'miseu ya Freedom Way, Cha Cha Cha ndi Lumumba, ndiponso m'masitolo akulu a ku Manda Hill ndi kwina. Wogula ayang'ane kuti citini ncotseka bwino, ciri ndi dzina la wopanga ndi malangizo a kapakidwe, ndipo atenge lisiti. Madzi oyera ngati mkaka ogulitsidwa m'botolo lopanda dzina pa maloboti angakhale ciri conse.

Dzanja la wopaka

Citini cabwino m'manja osadziwa cimaononga cimodzi-modzi. Nchito imayamba ndi kutsuka, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya. Sopo wocapira zobvala monga Boom kapena Surf, ndi sopo wa mbale, anapangidwa kuti acotse mafuta, ndipo phula ndi m'bale wa mafuta. Munthu wopaka phula lodula pa Ciweru ndi kutsuka ndi sopo wa zobvala Ciweru cotsatira wataya ndalama zace m'ngalande. Sopo wa magalimoto alipo, ndipo kabotolo kamodzi kamakhala miyezi. Ndowa zikhale ziwiri, ina ya thobvu ndi ina ya madzi otsukuluzira nsalu, kuti mcenga wocoka pa galimoto usabwerere. Kutsuka kuyambire pa denga kutsikira pansi, ndipo nsalu ya matayala isakhudze thupi la galimoto. Nsanza ikagwa pansi yatola mcenga, ndipo isagwirenso nchito mpaka itacapidwa.

Phula lipakidwe pa mthunzi, citsulo ciri cozizira moti munthu angaikepo cikhato osapsa. Likhale lopyapyala kwambiri, pakuti locuruka siliteteza koposa, limangobvuta kucotsa. Apake citseko cimodzi kapena theka la boneti, ayembekeze mpaka pacite mbuu, ndipo apititsepo cala: pakatsala mzere woyera bwino, nthawi yopukuta yakwana. Mapulasitiki akuda ndi mphira za m'mazenera azilambalale, cifukwa phula likaumirapo limasiya zoyera zobvuta kucotsa. Podziwa ngati phula likalipo, munthu awaze madzi pa boneti yotsuka. Akaundana timibulu ngati mame pa tsamba la kabici, phula liripo. Akayala ponse-ponse, latha.

Kwa mnyamata wogwira nchito yotsuka, kudziwa izi ndi nkhani ya nsima. Makina ozungulira opakira polishi akaima malo amodzi kwa kamphindi, maka-maka m'ngodya ndi m'mphepete mwa boneti mmene penti ndi yopyapyala, amaocha cikopa mpaka utoto wa pansi uonekere. Kupentanso boneti imodzi ya galimoto yodula kungadye malipiro ace a miyezi ingapo, ndipo kawiri-kawiri nchito imathera pomwepo. Wocenjera amayamba wazungulira galimoto pamodzi ndi mwini wace, namuonetsa zipsera zimene ziripo kale, ndipo akaona mawanga a cikopa cofunduka amanena mwaulemu kuti pamenepo polishi sangathandize. Amafunsanso ngati galimotoyo yapentedwa posacedwa, cifukwa penti yatsopano ya ku galaji imafuna mwezi umodzi mpaka itatu kuti iume mpaka m'kati isanaphimbidwe ndi phula.

Pali njira zina zacidule zimene zimaoneka m'masiteshoni a mabasi. Ena amapukuta basi ndi nsanza yonyika m'dizilo, ndipo imawaladi kwa tsiku limodzi, koma mawa lace fumbi lonse la mu mseu lakangamira, ndipo mphira zimafewa ndi kufufuma. Parafini pang'ono amacotsa madontho a tala, koma amacotsanso phula, motero malowo atsukidwe ndi sopo ndi kupakidwanso. Mafuta a mabuleki ndiwo oopsya kopambana, pakuti akadonthera pa penti amaisungunula. Atsukidwe ndi madzi ambiri nthawi yomweyo. Ogulitsa magalimoto ena naonso amadziwa mankhwala obisa zipsera kwa masabata awiri kapena atatu. Cikome-kome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Wogula aione galimoto masana pa dzuwa, iri youma, asuzumire pansi pa zitseko, m'kati mwa madigadi ndi pansi pa mphasa za ku mapazi, kumene dzimbiri limayambira.

Kwa mlimi, dzimbiri limabwera maka-maka ndi katundu wa munda. Feteleza, kaya ndi Compound D kapena urea, amakoka cinyontho, ndipo fumbi lace likatsalira m'ngodya za kumbuyo kwa vaneti limadya citsulo mofulumira, monga mmene limadyera khasu losiyidwa m'thumba la feteleza. Manyowa ndi mkodzo wa mbuzi kapena nkhumba zopita ku msika zimacita comweco. Phula siligwira nchito pa citsulo cimene penti yacoka kale. Poyala matumba pakhale lona kapena mphira yocindikala, ndipo katundu akatsika kumbuyoko kutsukidwe ndi madzi ambiri tsiku lomwelo, pamodzi ndi matope okangamira kunsi kwa galimoto, amene amasunga cinyontho mpaka pakati pa cirimwe. Pamene mwala waboola penti mpaka citsulo caonekera, papalidwe ndi sandipepa wosalala, papakidwe penti yoletsa dzimbiri, kenaka kadontho ka utoto wofanana. Nambala ya utotowo imalembedwa pa kacitsulo kokhomedwa m'cipinda ca injini kapena pa mphuthu ya citseko, ndipo osakaniza penti a mu Lusaka ndi ku Chipata akapatsidwa nambalayo angathe kukonza kacitini kakang'ono kokwanira nchitoyo.